Dzina la Müller si chiwongo, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga amene akuphunzira unamwino ku Germany wandilembera mothedwa nzeru. Akuti mayi amene akumuchititsa lendi ndi a Müller, mphunzitsi wakenso ndi a Müller, ndiye tsiku lina anawauza mayiwo mosangalala kuti waonana ndi m'bale wawo kusukulu. Mayiwo anangomuyang'ana modabwa. Akufunsa ngati anawalakwira.

Sunalakwe, mwanawe. Unaganiza monga timaganizira kuno, kumene a Phiri akakumana ndi a Phiri anzawo m'basi amayamba kufunsana za kumudzi mpaka chibale chitapezeka. Koma Müller si chiwongo. Ndi dzina la ntchito, la munthu wogaya mbewu pa chigayo, ndipo gwero lake ndi mawu achilatini akuti molinarius. Cha m'zaka za m'ma 1100, mizinda ngati Köln itayamba kudzaza, anthu otchedwa Hans ndi Heinrich anachulukitsa, ndiye ankawasiyanitsa ndi ntchito zawo. Pang'onopang'ono dzinalo linakakamira pa ana ndi zidzukulu, ngakhale amene sanagwirepo thumba la ufa. Momwemonso anabadwira a Schmidt osula zitsulo, a Schneider atelala, a Fischer asodzi ndi a Weber oomba nsalu.

Nanga bwanji a Müller ndiwo anaposa onse, mpaka lero alipo pafupifupi 700,000? Buledi ndiye chinali chakudya cha tsiku ndi tsiku, choncho pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi chigayo chake choyendetsedwa ndi madzi a mtsinje kapena mphepo. Kunalinso lamulo lokakamiza alimi kugayitsa pa chigayo cha mwini dera basi, ndipo ku Prussia, ufumu wakale wa Chijeremani, linathetsedwa mu 1810. Wogayayo ankatapako gawo la mbewu ngati malipiro ake. N'chifukwa chake alimi ankamukayikira kuti amawabera pa muyezo, ndipo m'madera ena ana ake ankakanizidwa kulowa m'mabungwe a amisiri. Zimandikhudza kuti dzina limene kale linkanyozeka chonchi ndi limene katswiri wa mpira Gerd Müller analikweza pogoletsa chigoli chopatsa West Germany chikho cha dziko lonse mu 1974. Thomas Müller, amene anatenga chikho chomwecho mu 2014, si m'bale wake. Mudzi uliwonse unali ndi wogaya wakewake, magazi osiyana.

Tsono imva za khalidwe. Mayi akowo uziwatchula Frau Müller, bambo ndi Herr Müller, ndipo polankhula nawo uzinena Sie, amene ali ngati "inu" wathu. Usathamangire dzina lawo loyamba kapena du, amene ali ngati "iwe" wathu, ngakhale mutadyera limodzi kangati. Wamkulu ndiye amayamba kupereka chilolezo chimenecho, ndipo akakupatsa uchilandire mothokoza, usakane chifukwa cha manyazi.

Samalanso polemba, makamaka iwe wogwira mafayilo a odwala. Kuyambira mu 1876 boma la Germany limalemba kubadwa, maukwati ndi imfa m'kaundula, ndipo kalembedwe ka dzina kanakhazikika. Möller, amene amapezeka kwambiri kumpoto, ndi Miller wa kummwera tanthauzo lawo ndi lomwelo, koma pa chikalata ndi mayina osiyana. Timadontho tiwiri ta pamwamba pa u tisasowe. Ngati kompyuta ikukana, lemba Mueller. Ndipo usanapereke mankhwala kwa a Müller alionse mu wodi, funsa dzina loyamba ndi tsiku lobadwa, chifukwa pa bedi loyandikana nalo pangagone a Müller ena.