Mayi, muloleni mwanayo apite ku prom

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anasamukira ku America zaka ziwiri zapitazo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ali mu giredi 11, wauma khosi kuti akufuna kupita ku prom. Mayiwo mtima uli m'mwamba. Akufunsa ngati kumeneko si kumene ana amakaphunzirako makhalidwe oipa, komanso ngati n'zoona kuti pamafunika diresi ya ndalama zambiri.

Mayi, ine ndikuti muloleni apite.

Prom ndi dansi ya kumapeto kwa chaka cha sukulu, mu Epulo kapena Meyi, ya ana a giredi 11 ndi 12. Dzinali linachokera ku mawu akuti promenade, kutanthauza kuyenda mwandawala kwa alendo polowa m'holo yovinira. Komiti ya ana imasankha mutu wa usikuwo, kaya Paris, kaya pansi pa nyanja, n'kukongoletsa holo moyenerera. Aphunzitsi amakhalapo mpaka nyimbo yomaliza. Musaisokoneze ndi homecoming, chikondwerero china cha pasukulu chimene chimabwera mu Seputembala kapena Okutobala limodzi ndi masewero a mpira wa ku America.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi mbiri yake. Ku Charleston, m'chigawo cha Mississippi, ana achikuda ndi achizungu a sukulu imodzi ankavina padera mpaka 2008, pamene katswiri wa mafilimu Morgan Freeman analipira dansi yoti onse avinire pamodzi. Ku Wilcox County, m'chigawo cha Georgia, zoterezi zinachitika mu 2013, ndipo anazikonza ndi ana asukulu eniake. Taganizani, 2013! Ana amenewo ankadziwa kuti wotsala pa usiku umenewu amamva ngati si wa pasukulupo. Wanuyo ndi mlendo, wangoyamba kumene kuzika mizu. Lolemba anzake akamaonetsana zithunzi pa foni, iye adzalowa nawo bwanji m'macheza?

Mantha anu si opanda pake, koma mwawaloza pamalo olakwika. M'holo muli maso ambiri. Ngozi ili m'maola otsatira, ana akabalalika pa magalimoto kupita ku maphwando a m'nyumba zopanda akuluakulu. Lamulo la kumeneko sililola munthu wosakwana zaka 21 kugula mowa, komabe umapezeka, ndipo woyendetsa amakhala mwana mnzawo amene laisensi waitenga dzulodzulo. Chifukwa cha zimenezi sukulu zambiri zimakonza after-prom, phwando lopanda mowa limene makolo amayang'anira mpaka m'bandakucha. Funsani ngati kusukulu kwake liliko.

Ndiye khalani naye pansi. Ayendetse ndani? Akatuluka m'holo apita kuti, kwa yani? Tengani nambala ya makolo a kunyumbako, muwaimbire nokha. Kenako mumulonjeze kuti akaona zosayenda bwino akuimbireni, ngakhale 2 koloko usiku, ndipo mudzamutenga osamukalipira m'galimoto. Mwana woopa ukali wa amayi ake amakwera galimoto ya munthu woledzera m'malo moimba foni.

Za diresi musataye nazo tulo. Ambiri amabwereka kapena kugula yovalidwapo kale, ndipo alangizi a ana pasukulu nthawi zambiri amadziwa mabungwe amene amapereka madiresi ulere. Chibwenzi si chofunikanso. Atsikana ambiri amapita pagulu ndi anzawo.

Madzulo a tsikulo, ana asananyamuke, mabanja amasonkhana pabwalo la nyumba ina kapena kupaki kujambula zithunzi. Mnyamata amaveka mtsikana kaduwa padzanja, manja akunjenjemera, mtsikana n'kumumangirira kena pa jekete. Pamenepo musasowe, Mayi. Mudzaona nkhope ya amene ayendetse galimoto, mudzagwirana chanza ndi makolo ake, ndipo diresiyo mudzamukonzera nokha paphewa asanakwere.