Funsani Amalume: kandalama ka mu tiranki ya agogo, ndikakweche?

Amalume, ine ndimakhala kuno ku Zomba, ku Chinamwali. Agogo anga aamuna anatisiya chaka chatha, ndiye posanthula tiranki yawo tinapezamo kachitini ka ndalama zakale, ma peni oboola pakati aja, ma tiki, mashereni a nthawi ya Chitaganya, koma imodzi ndi yachilendo. Mbali ina kuli mayi wovala chipewa, nyenyezi m'mbali, pansi 1818, mbali inayo chiombankhanga ndi 25 C. Agogowo ankaphikira mzungu nthawi imene Zomba inali likulu, mwina anaitenga kumeneko. Yada bii. Mnzanga akuti ndiikweche ndi phulusa ndi mandimu iwale, komanso bambo wina mumsika akuti andipatsa 20 pin pompo. Nditani?
Mphwanu wa ku Chinamwali

Mphwanga, pepani ndi maliro a agogo. Koma chonde chonde, phulusalo lisiyeni pa moto pomwepo, mandimu finyirani mu tiyi. Ndalamayo musaikweche ngakhale ndi kansalu.

Monga mwafotokozeramu, imeneyo ndi kota ya ku America, masenti 25, ya mtundu umene amautcha Capped Bust, wojambula wake anali John Reich ndipo zinkapangidwa ku Philadelphia. Kota yoyamba kumeneko inatuluka mu 1796, anangopanga 6,146 basi, n'chifukwa chake imeneyo anthu amalimbirana kwambiri. Yanu ya 1818 anapanga 361,174, si yosowa kwenikweni pakati pa anzake, komabe ndi siliva wa zaka zoposa 200 ndipo ngati ili yeniyeni 20 pin ija ndi kukuberani masana dzuwa likuswa mtengo.

Tsono chimene chimandikoka mtima ine pa ndalama zimenezi ndi chidindo. Nthawi imeneyo kunalibe makina oti zonse zituluke zofanana, chidindo chachitsulo ankachikonza ndi manja, nyenyezi iliyonse, nambala iliyonse ya chaka, ankakhomera payokha ndi nyundo, ndiye kupeza kuti pa chidindo china 8 wayandikira kwambiri tsitsi la mayi uja, pa china watalikira, pena nyenyezi yapendekeka, pena chitsulo chinang'aluka pogwira ntchito ndiye ndalama zonse zodindidwa pambuyo pake zili ndi kamzere kotukuka ngati kamtsempha. Chitsulo chinali chodula, sankataya. Chidindo cha 1815 chikatsala ankangokhomera 8 pamwamba pa 5, ndipo mukayang'ana bwino 5 uja amaonekerabe pansi, ndiye amati 1818/5. Yanu ikhoza kukhala imeneyo, yang'anani nambala yomaliza. Palinso 1806/5, palinso 1823/2 imene ndi yosowa koopsa. Ina yomwe imandisangalatsa ndi ya 1822, wokhoma uja anayamba kulemba 50 ngati akukonza hafu dola kenaka n'kuzindikira, n'kukhomerapo 25, ndipo chidindo cholakwikacho anachigwiritsanso ntchito mu 1828. Munthu anafa kalekale koma kulakwitsa kwake kwa tsiku limodzi mukukugwira m'manja.

Amene anasanja zonsezi ndi Ard Browning mu 1925, mpaka lero otolera ndalama zakale amati B-1, B-2 potsatira dzina lake, nambala iliyonse ikuimira chidindo chakumaso ndi chakumbuyo zomwe zinakumana. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi mtengo umasiyana kutalitali chifukwa cha kanambala kameneka.

Nkhani ya giredi tsopano, ndiye kuti muyeso wa mmene ndalama yaperepesekera. Amayeza kuyambira 1 mpaka 70, njira imene anayambitsa William Sheldon mu 1949. Yoperepeseka yoti chaka chikungooneka pang'ono ili pansi, 4 amati Good, 12 Fine, 20 Very Fine, kuyambira 60 ndi yomwe sinayendeko m'manja mwa anthu. Pa yanuyo onani mawu oti LIBERTY pa lamba wa chipewa, tsitsi la pamwamba pa khutu, nthenga za m'mapiko ndi zikhadabo za chiombankhanga. Koma samalani, makina awo anali opukusa ndi manja ndiye pena ndalama inkatuluka yosadindika bwino kuchokera tsiku loyamba, kufooka kumeneko si kutha ayi, ndipo apa ngakhale akatswiri amatsutsana. Makampani ngati PCGS ndi NGC ndi amene amaika giredi n'kutsekera ndalama mu kapulasitiki. Akaona kuti inakwechedwa, ndipo amaona ndithu chifukwa phulusa limasiya timizere tating'onoting'ono, sapereka nambala, amangolemba Details, mtengo n'kugwa. Kuda kuja mukuti bii ndi khungu lake la zaka zonsezi, ogula amafuna komweko, ndipo mukachotsa sikubwereranso.

Musanayambe kuwerengera ndalama za malata, tsimikizani kaye kuti si feki, zilipo zambiri. Yeniyeni imalemera magalamu 6.74, yakutha imapepukirako pang'ono, siliva wake ndi 89.24 peresenti, kukula kwake pafupifupi mamilimita 27, m'mphepete ili ndi timano. Siliva sagwira maginito, ikamata dziwani kuti palibe kanthu. Pezani kasikelo kakang'ono kaja ka dijito, osati ka nyama ka mumsika.

Poigwira gwirani m'mphepete, zala zisakhudze kumaso. Ichotseni mu kachitini kaja isamagundane ndi ma peni, ikulungeni payokha mu kapepala kouma, chinyezi cha Zomba mukuchidziwa nthawi ya mvula. Kenaka m'mawa ikhazikeni pafupi ndi windo, jambulani ndi foni mbali zonse ziwiri osayatsa fulashi, ina muyandikize pa chaka penipeni, munditumizire tione limodzi ngati pansi pa 8 uja pabisala 5. Bambo wa mumsika uja muuzeni kuti akubanja sanagwirizane.