Mimba imodzi, neti imodzi, koma malungo akusankha mmodzi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Akuti: "Ndili ndi anyamata awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 7. Bambo wawo ndi mmodzi, amagona mu neti imodzi, amadyera mbale imodzi. Koma wamng'onoyo dzinja lililonse ndi wa kuchipatala, LA sachoka pakhomo, pamene mkuluyo ngakhale mutu samva. Apongozi ayamba kulankhula zoti mwina magazi si amodzi. Kodi ana a mimba imodzi angasiyane chonchi?"

Mayi, angasiyane ndithu, ndipo apongoziwo muwauze mwaulemu kuti malungo sayeza ubambo wa mwana.

Nkhani yagona pa majini. Sindikunena majini a kwa sing'anga, ndikunena malangizo amene mwana amatenga kwa makolo, theka kwa mayi, theka kwa bambo. Pakati pa majini onse a munthu, amene amasiyana kwambiri kuchoka pa munthu uyu kufika pa uyo ndi a gulu lotchedwa HLA, omwe ali pa chromosome 6, kamodzi mwa timaulusi tonyamula majini m'maselo a thupi. Ntchito yawo ndi yotere: kachilombo kakalowa mu selo, seloyo imadula tizidutswa ta kachilomboko n'kutinyamula panja ndi timanja ting'onoting'ono kuti asilikali a m'thupi aone. Timanjato ndiye HLA. Kadzanja kalikonse kamagwira bwino tizidutswa ta maonekedwe ena, tina n'kumapulumuka. Kachilombo kamene sikanaonetsedwe, asilikali amakadutsa ngati palibe kanthu.

Mitundu ya HLA imene asayansi alembapo kale yapitirira 30,000. Inu muli ndi mitolo iwiri, amuna anu iwiri, ndipo mwana amatenga mtolo umodzi uku, wina uko. Njira zophatikizira zilipo 4 basi. Ndiye mwayi woti anyamata anuwo afanane mitolo yonse ndi umodzi pa 4, ndipo mwayi woti asiyane yonse iwiri ndi womwewo. N'chifukwa chake madokotala akafuna wopereka mafuta a m'mafupa amayeza abale onse, kawirikawiri osapeza woyenerera m'banjamo.

Kodi zimakhudzadi malungo? Mu 1991 gulu la Adrian Hill linafalitsa zimene linapeza pa ana a ku Gambia: amene anali ndi HLA-B53 sankagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu. Mtundu umenewu ndi wofala kumadzulo kwa Africa koma ndi wosowa ku Ulaya. Malungo anakhala akupeta anthu ngati mpunga pa lichero kwa zaka zikwizikwi. Ana amene anali ndi kadzanja kogwira bwino ndiwo ankakula n'kubereka.

Koma pa ana anuwo ine ndimaganizira kaye za maselo ofiira a magazi, amene kachilombo ka malungo kamabisalamo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu otenga jini ya sikoselo kwa kholo limodzi lokha amapirira malungo. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti chiopsezo cha malungo aakulu chimatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Munthu wotere sadwala sikoselo, ndipo ambiri amakalamba osadziwa kuti ali nayo. Mtengo wake umalipidwa ndi mwana amene watenga jiniyo kwa makolo onse awiri: maselo ake amapindika ngati zenga, amatseka timitsempha, mafupa amaphwanya, magazi amachepa. Makolo onse akakhala nayo, pa mimba iliyonse mwayi wa matendawa ndi umodzi pa 4.

Chitetezo cha makolo athu chimabwera ndi ngongole, ndipo si pa malungo pokha. Jini ya APOL1 ili ndi mitundu iwiri, G1 ndi G2, imene imathandiza magazi kupha tizilombo ta kaodzera, matenda a kashembe omwe timawamvabe cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Mu 2010 zinadziwika kuti otenga mitunduyi kwa makolo onse awiri ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda a impso. Azungu nawo ali ndi zawo. Kumpoto kwa Ulaya, munthu mmodzi pa 100 alionse alibe chitseko cha CCR5 chimene HIV yambiri imalowera mu selo. Timothy Ray Brown anachira HIV atapatsidwa maselo a munthu wotere ku Berlin mu 2007. Kuno kwathu jini imeneyo pafupifupi kulibiretu. Ndikamva wina akunena kuti mtundu wakuti uli ndi "magazi olimba" ndimangoseka, chifukwa kulimbako n'kwa matenda amodzi, m'dera limodzi.

Tsopano tibwerere pakhomo panu. Majini si okhawo. Mkuluyo ali ndi madzinja awiri owonjezera olumidwa ndi udzudzu, ndipo thupi limaphunzira malungo pang'onopang'ono. Udzudzu nawo umakondera, fungo la khungu la ena limaukopa kwambiri. Usiku wina mudzuke cha m'ma 2 koloko muyang'ane amene wagona chakumphepete, mwendo utatsamira neti. Sindingadabwe mutapeza kuti ndi wamng'onoyo.

Thupi likatentha, ayezedwe magazi asanamwe LA, ndipo amalize mapilitsi onse a masiku atatu ngakhale atayamba kale kusewera mpira. Ngati amatuwa m'manja, maso amachita chikasu, kapena amalira mafupa ngakhale malungo asanapezeke, pemphani adokotala amuyeze sikoselo. Akapezeka nayo, inu ndi bambo ake mukayezetse limodzi musanaganize za mimba ina.