Mwana wanga amangodzukadzuka usiku

Funso: Azakhali, mwana wanga wa miyezi 8 amadzuka kasanu usiku uliwonse, ndipo sagonanso mpaka nditamuika kubere. M'mawa ndimapita kumsika maso ali psuu. Apongozi akuti ndizimupatsa phala lolimba usiku. Nditani? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Pepa mwananga. Nanenso wanga wachiwiri ndinkachezera naye mpaka tambala kulira.

Tulo ta khanda timabwera m'zigawo za mphindi pafupifupi 50, ndipo chigawo chikatha amatsitsimuka. Ngati anagonera pabere, akatsegula maso amafuna bere lomwelo. Ndiye madzulo umusambitse, umuyamwitse, kenako umugoneke chagada akusinza koma tulo tisanamutenge. Akalira pakati pa usiku usayatse nyali. Yamba wamusisita pachifuwa uku ukumuimbira chapansipansi, bere libwere pambuyo. Masiku oyamba adzavuta, usagonje msanga.

Za phala lolimbalo, apongozi andikhululukire, silimugonetsa. Adye phala lake la nsinjiro masana ndi madzulo, basi.

Neti uziikunga bwino, udzudzu umodzi umasokoneza nyumba yonse. Koma thupi likatentha, kapena akamalira akukoka khutu, thamangira naye kuchipatala.