Yankho kwa achimwene ofuna kudzipangira ng'anjo ya nkhuni yotenthetsera nyumba ku Minnesota

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kudula thanki yakale ya gasi wa propane n'kuisandutsa ng'anjo ya panja yotenthetsera nyumba imene mwagula kumpoto kwa Minnesota, popeza kuwotcherera zitsulo mumakudziwa, mitengo muli nayo pamalo panu, ndipo mtengo wa gasi ukukupwetekani. Ndikuyankha ngati munthu amene anapangapo ng'anjo yotere kuno ku Wisconsin, chitatha chisanu cha mu Januwale 2014 pamene propane anasowa ndipo mtengo wake unakwera koopsa m'madera onse ano. Zimatheka ndithu, koma kuwotchererako ndi gawo lopepuka pa ntchito yonseyi, ndipo ng'anjo zambiri zopanga tokha zimalephera pa chinthu chimodzi, chimene ndi kusunga moto pakati pa madzi.

Musanagwire chitsulo, imbani foni ku maofesi a boma a dera lanu, ya county ndi ya township, kenako kwa a inshuwalansi ya nyumba. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linakhazikitsa malamulo a utsi wa ng'anjo zimenezi mu 2015 n'kuwakhwimitsa mu 2020, ndipo ngakhale malamulowo amalunjika kwa opanga ndi ogulitsa, madera ambiri ali ndi akeake onena za mtunda wa pakati pa ng'anjo ndi malire a mnansi, kutalika kwa chumuni, ngakhalenso kuletseratu. Ku New York, mwachitsanzo, ng'anjo yatsopano ya pakhomo imayenera kukhala mafiti 100 kuchokera pamalire a malo anu, ndipo chumuni chake chisachepere mafiti 18. A inshuwalansi nawo kawirikawiri amafuna chizindikiro cha UL kapena CSA, mabungwe oyesa chitetezo cha zipangizo, chimene ng'anjo yowotcherera m'galaja ilibe, choncho yankho lawo mulilandire lolembedwa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Amene munakulira ku Kasungu mukukumbukira mabalani a fodya, momwe moto umayaka kunja ndipo kutentha kokha n'kumene kumalowa m'kati kudzera m'mapaipi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chonyamula kutentha ndi madzi. Chipinda cha moto chimakhala m'kati mwa thanki ya madzi, madziwo amatenthedwa mpaka pakati pa madigiri 70 ndi 82 Celsius, ndipo pampu imawakankha m'mapaipi a pansi pa nthaka kupita m'nyumba, kumene amasiya kutentha kwawo mu heat exchanger, chipangizo chosamutsira kutenthako ku mpweya kapena madzi a m'nyumba, n'kubwereranso. Madzi akafika pa mlingo wake, kachipangizo kotchedwa aquastat kamatseka polowera mpweya, ndipo moto umangofuka mpaka nyumba itafunanso kutentha.

Vuto lagona pomwepo. Chitsulo chimene chakhudzana ndi madzi sichingatenthe kwambiri kuposa madziwo, pamene utsi wa nkhuni umafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 600 kuti nawonso uyake. Utsiwo si zinyalala ayi, ndi mbali yaikulu ya mphamvu ya nkhuni imene mwavutika kuidula, ndiye ukakhudza khoma lozizira umasanduka phula lakuda lonunkha limene limamata m'kati ndi m'chumuni, wotsalawo n'kutuluka osapsa. Mukawonjezera apo kutseka mpweya kwa maola ambiri pa tsiku, mwapanga uvuni wa makala ngati wa ku Mwanza, osati ng'anjo. Chumuni chake chimakhalanso chachifupi, kotero kuti m'mawa wopanda mphepo utsi umakwawa pansi n'kukalowa pazenera la mnansi, ndipo milandu yambiri imene inabala malamulo ndatchula aja inayamba motero. N'chifukwa chake makampani a kwanuko, monga Central Boiler ya ku Greenbush, masiku ano amagulitsa ng'anjo za gasification, zimene zimakokera utsi pansi kudutsa m'makala kulowa m'chipinda chachiwiri cha njerwa kumene umapsa wonse kutentha kusanaperekedwe ku madzi.

Ngati mwatsimikiza kupanga yanu, tsanzirani nzeru imeneyo. Yalani njerwa zopirira moto pansi ndi m'mbali mwa chipinda cha moto, bweretsani mpweya wachiwiri wotenthedwa kale pamwamba pa malawi, ndipo madzi akumane ndi kutentha moto utamaliza ntchito yake. Chitsulo cha chipindacho chisachepere mamilimita 6, ndipo chisakhale chokutidwa ndi zinki, chifukwa utsi wake powotcherera umadwalitsa. Koposa zonse, musapange chipinda chachikulu poganiza kuti muzidzaza kamodzi pa tsiku. Moto wochepa woyaka mwaukali, umene kutentha kwake kukusungidwa m'thanki yaikulu yokutidwa bwino, umaposa moto waukulu wofuka. Masamu ake ndi awa: malita 1,000 a madzi akazizira ndi madigiri 20 amapereka pafupifupi 23 kWh, ndiye nyumba imene ikutaya 10 kW usiku wozizira imatha zimenezo m'maola awiri ndi pang'ono. Poonapo mudzazindikira kuti thanki imodzi yaing'ono siingakufikitseni m'mawa. Ikaninso valavu yosakaniza madzi kuti obwerera ku ng'anjo asatsike pansi pa madigiri 60, apo ayi chinyezi chimachita mame m'kati, n'kusakanikirana ndi phulusa, ndipo dzimbiri limabowola chitsulo m'zaka zochepa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapha, ndipo pa izi sindikupereka maganizo chabe. Choyamba, thanki ya madzi isatsekedwe. Payenera kukhala paipi yotseguka pamwamba, yopanda valavu iliyonse, yoti singaundane, chifukwa madzi akasanduka nthunzi amafuna malo oposa kale nthawi pafupifupi 1,600, ndipo thanki yowotcherera pakhomo ikatsekedwa ndi bomba. Chachiwiri ndi thanki ya propane yomweyo, imene imasunga gasi ngakhale itakhala zaka ikuoneka yopanda kanthu. Chotsani mavalavu onse, idzazeni madzi mpaka kusefukira, ndipo ngati n'kotheka pezani munthu wozolowera ntchitoyi akhale nanu podula. Ena amati musiye za madzi, mungopopera mpweya wotentha kulowa m'nyumba. Ine sindikuvomereza, chifukwa chipinda cha moto chikang'aluka pang'ono, fani imalowetsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, molunjika kumene ana akugona. Alamu ya mpweya umenewu ikhalepo m'nyumba ngakhale mutasankha njira ya madzi.

Pamene ine ndinapusa ndi pa mapaipi. Ndinaona kuti paipi ya pulasitiki ya PEX yokutidwa kale ndi thovu lolimba m'chikopa chosalowa madzi ndi yodula, ndiye ndinakulunga ndekha mapaipi wamba n'kuwalowetsa m'paipi yaikulu ya ngalande. Chaka choyamba zinayenda bwino. Chaka chachiwiri madzi a m'nthaka analowa, ndipo ndinadziwira poona mzera wa udzu woonekera pakati pa chipale chofewa, kuchokera pa ng'anjo mpaka pakhoma la nyumba. Ndinkatenthetsa bwalo ndi nkhuni zanga. Kukumbanso kunadya ndalama zoposa zimene ndinkaganiza kuti ndapulumutsa. Ikani choyezera kutentha potulukira pa ng'anjo ndi polowera m'nyumba. Kusiyana kukaposa madigiri awiri kapena atatu, dziwani kuti pansi panyowa.

Za nkhuni ndinena mwachidule. Kuno amayeza pa cord, monga kwathu timagulira pa mendulo, ndipo cord imodzi ndi mulu wa mafiti 4 m'lifupi, 4 msinkhu ndi 8 m'litali. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka lake ndi madzi, pamene nkhuni zoyenera zisapose 20 peresenti ya chinyezi, ndipo nkhuni za mtengo wa oak zimafuna zaka ziwiri zitawazidwa kuti zifike pamenepo. Musamvere amene amanena kuti ng'anjo ya panja imadya chilichonse, ziwisi ndi zinyalala zomwe. Mitengo ya ash yophedwa ndi kachilombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka ku St. Paul mu 2009, imayaka bwino, koma pali malamulo oletsa kuisamutsa kuchoka m'madera amene kachilomboka kali.

Musachotse ng'anjo ya propane imene ili m'nyumba. Magetsi akazima pampu imaima, madzi a pa ng'anjo amawira pamene a m'mapaipi akuundana, choncho jenereta yaing'ono ndi yofunika. Ganiziraninso za Disembala, mwezi umene ambirife timakwera ndege kukaona makolo. Ng'anjo yosiyidwa milungu itatu popanda wosonkhezera, kuzizira kutafika madigiri 30 pansi pa ziro, imaundana n'kung'amba chitsulo, pokhapokha pampu ikamazungulirabe ndipo propane akubwezera kutentha m'madziwo kudzera mu heat exchanger, kapena mutathiramo propylene glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana, osati mankhwala a m'galimoto amene ndi poizoni. Tiuzeni kukula kwa nyumbayo ndi magaloni a propane amene munagwiritsa ntchito chaka chatha, kuti tiwerengere limodzi kukula kwa thanki yosungira madzi ndi ma cord amene muyenera kuwaza chilimwe chino.