Kujambula akachisi a Shinto ku Japan: yankho kwa achemwali amene afunsa

Achemwali, mwafunsa kuti pa masiku opuma a maphunziro anu ku Japan mu Novembala mukajambule akachisi ati a chipembedzo cha Shinto, ndiponso ngati foni yokha ingakwanire. Foni ikwanira ndithu. Chimene chidzakuvutitseni kwambiri ndi khamu la anthu, pakuti kumapeto kwa Novembala masamba a mitengo amafiira ku Kyoto ndipo alendo amachita kuunjikana, choncho langizo langa lalikulu ndi lakuti musankhe malo ochepa, muzifikako kusanache bwino, ndipo muzikumbukira kuti mwalowa pamalo pamene anthu akupemphera.

Yambani ndi Fushimi Inari ku Kyoto, kachisi amene mbiri yake imayambira m'chaka cha 711, kumene kuli zipata zofiira zija zotchedwa torii, zikwizikwi, zondondozana mpaka pamwamba pa phiri la Inari lotalika mamita 233. Kulowa ndi kwaulere, sakutseka usana ndi usiku, ndipo sitima ya JR Nara Line imatenga mphindi zisanu zokha kuchokera pa siteshoni ya Kyoto. Mukafika cha m'ma 9 koloko mudzangojambula misana ya anthu. Mukafika m'bandakucha mudzapeza njira ili pululu, ndipo mukachedwa musataye mtima, ingokwerani, chifukwa ambiri amabwerera m'munsi momwemo, ndipo mukadutsa pamphambano yotchedwa Yotsutsuji, pamene mzinda wonse umaonekera, anthu amachepa kwambiri. Kukwera ndi kutsika kumatenga maola awiri kapena atatu. Chimene ambiri sachizindikira ndi chakuti zipatazi zili ndi nkhope ziwiri: mukamakwera mumaona mizati yofiira yopanda kanthu, koma mukacheuka mumapeza zilembo zakuda zosonyeza dzina la munthu kapena kampani imene inapereka chipatacho ndi tsiku lake. Ine ndimakonda mbali ya zilemboyo, poti imaonetsa kuti chipata chilichonse chili ndi mwini amene anapereka ndalama zake. Musaiwalenso ziboliboli za nkhandwe, amithenga a Inari, mulungu wa mpunga. Zina zaluma kiyi wa nkhokwe pakamwa. Mtundu wofiirawo umasokoneza foni, moti chithunzi chimatuluka chowala mopitirira, ndiye gwirani pagalasi pamene pali mzati ndi kuchepetsa kuwala pang'ono musanajambule.

Ngati thumba lingalole, pitani ku Itsukushima pa chilumba cha Miyajima, pafupi ndi Hiroshima, kumene boti limawoloka mphindi khumi kuchokera ku Miyajimaguchi. Chipata chachikulu cha kumeneko, chotalika pafupifupi mamita 16, chinaimikidwa mu 1875 ndipo anamaliza kuchikonzanso mu 2022. Pano wolamula ndi nyanja. Madzi akakwera kupitirira masentimita 250 kachisi amaoneka ngati akuyandama, koma akaphwa kufika pansi pa masentimita 100 mungathe kuyenda wapansi mpaka patsinde pa mizati. Ndondomeko ya kukwera ndi kuphwa kwa madzi imapezeka pa intaneti, ndipo ndi bwino kuiona musanagule tikiti. Agwape a pachilumbapo amadya mapepala, samalani nawo.

Tsopano za ulemu, zimene kwa ine ndi zofunika kuposa zonsezi. Ife tikudziwa kuti ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje munthu salowa mmene wafunira, ndipo ku Japan ndi chimodzimodzi ngakhale pakhomo palibe wokuletsani. Pofika pa torii anthu amawerama pang'ono, kenako amayenda m'mbali mwa njira, chifukwa pakati amati ndi podutsa milungu. Kuimapo nthawi yaitali mukusintha maimidwe kuti chithunzi chikome ndi kudzionetsa uchilendo. Pachitsime cha pakhomo amasamba dzanja lamanzere, lamanja, kenako kutsuka mkamwa. Munthu amene waima patsogolo pa kachisi, akuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri ndi kuweramanso kamodzi, musamujambule pamaso. Matabwa ang'onoang'ono otchedwa ema, amene amapachikidwa mazanamazana, amakongola pachithunzi, koma pamalembedwa mayina a anthu ndi zopempha zawo, monga kuchira kapena kukhoza mayeso, choncho ajambuleni chapatali kuti zolembazo zisawerengeke. Ku Meiji Jingu ku Tokyo, kachisi wa mu 1920, mungakumane ndi mdipiti wa ukwati. Imani pambali, musawadulire njira. Komweko mu Novembala 2024 mlendo wina wochokera ku America anamangidwa chifukwa chokanda zilembo pa chipata, ndiye mizatiyo musaitsamire kapena kuikwera. Mukakayika, funsani kuti "Shashin o totte mo ii desu ka?", kutanthauza kuti kodi ndingajambule, ndipo pamene pali chikwangwani cha kamera yodulidwa mzere, foni ibwerere m'thumba. Choimikapo kamera cha miyendo itatu chimaletsedwa m'malo ambiri, ndipo za drone musayambe n'komwe, malamulo ake ndi okhwima.

Ena amatchula Ise, kachisi wa Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Kachisiyu amalemekezedwa kuposa onse ndipo amamangidwanso zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013. Ndi malo oyenera kuwaona, koma dziwani kuti nyumba yeniyeniyo ndi yobisika kuseri kwa mipanda ndipo kujambula kumathera pansi pa masitepe amwala. Chimene mungatenge kumeneko ndi mlatho wa Uji, mtsinje wa Isuzu ndi mitengo ikuluikulu ya m'njira. Ngati masiku anu ndi ochepadi, ulendo umenewo muusungire tsiku lina, mupite kaye ku Kyoto ndi ku Miyajima.