Kodi Andromeda ndi mkazi kapena mlalang'amba?

Funso: Akonzi, mwana wanga wa Fomu 3 akuti Andromeda ndi mlalang'amba, koma ine ndinamva kuti ndi mkazi wa m'nthano za Agiriki. Zoona ndi ziti? Kholo la ku Dedza.

Yankho: Nonse awiri mukulondola, chifukwa dzinali lili ndi eni ake atatu.

Mwini wake woyamba ndi mwana wamkazi wa mfumu Cepheus ndi mfumukazi Cassiopeia. Nthano imati mayiyu anadzitama chifukwa cha kukongola mpaka kunyoza ana aakazi a m'nyanja, ndipo Poseidon, mulungu wa nyanja, anakwiya n'kutumiza chilombo chotchedwa Cetus kuti chisakaze dziko. Pofuna kuziziritsa mkwiyowo, makolowo anamangirira mwana wawo wosalakwayo pathanthwe m'mphepete mwa nyanja, koma ngwazi yotchedwa Perseus, amene ankachokera kokapha chilombo china chotchedwa Medusa, anapha chilombocho n'kumukwatira.

Mwini dzina wachiwiri ndi gulu la nyenyezi. Agiriki anapereka mayina a anthu a m'nthanoyi ku magulu a nyenyezi oyandikana, ndipo gulu la Andromeda lili pa magulu 48 amene katswiri wa zakuthambo, Ptolemy, analemba zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Masiku ano magulu ovomerezeka alipo 88.

Mwana wanuyo akunena za mwini dzina wachitatu, ndipo kwa ife ndiye wochititsa chidwi kwambiri. Chakumene kuli gululi kumaoneka kachinthu kotuwa, kamene katswiri wa ku Persia, al-Sufi, anakatcha kamtambo m'chaka cha 964. Mu 1923, katswiri wina wa zakuthambo, Edwin Hubble, ali ku Mount Wilson m'dziko la America, anapezamo nyenyezi imene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pa nthawi zodziwika, ndipo inamuthandiza kuyeza mtunda n'kutsimikizira kuti kamtamboko ndi mlalang'amba wapadera, wakunja kwa wathu wa Milky Way. Kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutifike. Choncho musaganize kuti mlalang'ambawu ndi mbali ya gululo. Nyenyezi za gululo n'za mlalang'amba wathu womwe uno, pamene iwo uli kutali kwambiri kuseri kwake, ndipo unangotengera dzina chifukwa umaonekera mbali imodzimodziyo.

Tikukulimbikitsani ndi mtima wonse kuti mukauone limodzi ndi mwanayo. Mu Okutobala ndi Novembala, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, pitani kutali ndi magetsi, dikirani kuti maso azolowere mdima, kenako yang'anani chakumpoto. Umaoneka ndi maso paokha popanda makina alionse.